Momwe Mungalondolere Pulopaganda ya Atsamunda Kuchokera pa Chilengezo Kufika pa Msonkhano Umene Unaikonza

Chilengezo chilichonse chimene boma la atsamunda linkatulutsa m'nyuzipepala, pa wailesi kapena kudzera pakamwa pa DC chinali ndi kochokera, ndipo kawirikawiri chinkachokera m'chipinda cha msonkhano, momwe nduna, abwanamkubwa ndi akazembe ankagwirizana mawu oti anenedwe, oti abisidwe ndi oti ayambe adikira. Zikalata zambiri za misonkhanoyi zidakalipo ndipo aliyense ndi wololedwa kuziwerenga, koma siziulula kanthu kwa munthu amene wangozitsegula n'kuyamba kuwerenga mwachisawawa. Malangizo awa ndi a wophunzira, mphunzitsi wa mbiri yakale kapena mtolankhani amene akufuna kudziwa momwe mfundo za pulopaganda zinkakonzedwera, makamaka mu ufumu wa Britain pakati pa 1939 ndi 1963. Njira yake ndi yoyenda chobwerera m'mbuyo, kuchoka pa zimene anthu anamva kupita kwa amene anazipangana.

Yambirani pa zimene anthu anauzidwa

Sankhani chilengezo chimodzi chokha chimene mukudziwa tsiku lake, ndipo muchikopere liwu ndi liwu musanatsegule fayilo iliyonse yachinsinsi. Munthu amene wayamba ndi zachinsinsi amatengeka ndi kukoma kwa zimene akupeza mpaka kuiwala funso limene anabwera nalo, lomwe ndi lakuti mawu amene anthu anamva anachokera kwa ndani ndipo anasinthidwa kangati asanawafike. Lembani amene analengeza, chilankhulo chimene analengezera, komanso ngati mawu omwewo anatuluka tsiku limodzi ku London ndi ku likulu la dziko lolamulidwalo, pakuti zilengezo ziwiri zofanana zotuluka nthawi imodzi m'mizinda yotalikirana zimasonyeza kuti panali pangano limene muyenera kulisaka.

Nkhani ya ku Hola imaphunzitsa bwino kawerengedwe kameneka. Pa 3 Malichi 1959 alonda a ndende ya Hola ku Kenya anamenya akaidi a Mau Mau ndipo 11 anafa. Tsiku lotsatira kunachitika msonkhano ku nyumba ya bwanamkubwa Evelyn Baring ku Nairobi, ndipo chilengezo chimene chinatuluka chinati anthuwo anamwalira atamwa madzi a m'ngolo yotungira madzi. Taonani kuti chiganizocho sichinanene kuti madziwo ndi amene anawapha. Chinangoika zinthu ziwiri moyandikana kuti womvera amalize yekha, ndipo khoti lofufuza za imfazo litapeza kuti anthuwo anachita kumenyedwa, olemba chilengezocho anali ndi pothawira ponena kuti iwo sananame. Ziganizo zolukidwa chotere sizilembedwa ndi munthu mmodzi mothamanga, choncho mukakumana nacho chimodzi dziwani kuti mwapeza poyambira pabwino.

Dziwani ofesi imene inali ndi mphamvu chaka chimenecho

Mafayilo amasungidwa potsata ofesi imene inawalemba, osati potsata mutu wa nkhani, kotero kuti munthu wosadziwa maofesi amasaka kumene kulibe kanthu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu Sepitembala 1939, boma la Britain linakhazikitsa unduna wa Ministry of Information, umene unagwira ntchito mpaka 1946 pamene unalowedwa m'malo ndi Central Office of Information. Unduna wa Colonial Office, womwe unkayang'anira mayiko monga Nyasaland, Northern Rhodesia, Kenya ndi Gold Coast, unali ndi nthambi yakeyake yofalitsa nkhani, ndipo sunkafuna kuti anthu a unduna wina aziulamula pa zouza nzika za mayikowo. Southern Rhodesia inali pansi pa unduna wina, umene kuyambira 1947 unkatchedwa Commonwealth Relations Office. Mu 1948 unduna wa Foreign Office unatsegula mwachinsinsi nthambi ya Information Research Department yolimbana ndi chikomyunizimu, yomwe inatsekedwa mu 1977.

Zikalata za maunduna onsewa zili ku The National Archives ku Kew, mu London, ndipo kaundula wake amapezeka pa intaneti. Za nthambi yofalitsa nkhani ya Colonial Office muzipeza pa CO 875 ndi CO 1027, makalata a Nyasaland pa CO 525, a chigawo chapakati cha Africa m'zaka za m'ma 1950 pa CO 1015, za Ministry of Information pa INF 1, ndipo za Information Research Department pa FO 1110. Zimene nduna zonse zinagwirizana kuyambira 1945 zili pa CAB 128, pomwe mafayilo a ofesi ya nduna yaikulu a pakati pa 1951 ndi 1964 ali pa PREM 11. Musakhutire ndi mbali ya ku London yokha. Telegalamu iliyonse inali ndi wotumiza ndi wolandira, ndipo zimene wolandirayo analemba m'mbali mwake zimapezeka m'nyumba zosungiramo zikalata za boma ku Zomba, ku Lusaka, ku Harare kapena ku Nairobi.

Msonkhano umodzi, zikalata zinayi

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene ofufuza ambiri amafulumira kudutsa. Msonkhano uliwonse waukulu unkasiya mitundu inayi ya zikalata, ndipo mtundu umene anthu amathamangira, womwe ndi maminitsi, ndi umene uli wosauka kuposa yonse. Maminitsi ankalembedwa ndi mlembi wa boma, kenako n'kuzungulira kwa onse amene analipo kuti avomereze, kotero kuti mawu aukali ankafewetsedwa ndipo mkangano wa ola lathunthu unkasanduka mzere umodzi wonena kuti nkhaniyo inakambidwa mokwanira. Muwawerenge kuti mudziwe amene analipo, amene anapepesa kuti sabwera, ndi ndondomeko ya mitu, koma musawatenge ngati zimene zinanenedwadi.

Chikalata chachiwiri, chomwe ndi cholemera kwambiri, ndi chimene nthumwi zinkapatsidwa zisanalowe mu msonkhano, chofotokoza zimene ziyenera kuumirira, zimene zingalolere ngati zapanikizidwa, ndi zimene siziyenera kutchula n'komwe. M'menemo mumapeza boma likulankhula lokha popanda kuopa womvera. Chachitatu ndi chilengezo cha kumapeto kwa msonkhano, chimene nthawi zambiri chinkayamba kulembedwa msonkhanowo usanatsegulidwe. Funsani fayilo imene ili ndi zolemba zake zoyamba, muziike pa tebulo motsatana ndi masiku ake, ndipo muone liwu limene lafufutidwa, limene lalowa m'malo mwake, ndi dzanja limene lasintha. Chachinayi ndi telegalamu ya malangizo imene inkapita kwa abwanamkubwa ndi akazembe msonkhano utatha, yowauza momwe ayankhire atolankhani, ndipo kawirikawiri inkasiyanitsa zimene anganene poyera ndi zimene ayenera kungodziwa okha. Mukaika chachiwiri ndi chachinayi pamodzi mumaona mtunda umene uli pakati pa cholinga cha boma ndi chithunzi chimene linkafuna kuti anthu aone.

Kuwerenga fayilo ya Colonial Office kuli ndi mwambo wake. Chikalata chatsopano chinkaikidwa pamwamba pa chakale, choncho yambirani pansi kukwera m'mwamba. Kutsogolo kwa fayilo kumakhala mapepala a ndemanga, pomwe wogwira ntchito wamng'ono ankayamba kulemba maganizo ake, wamkulu wake n'kuwonjezera, mpaka nkhaniyo kufika kwa mlembi wamkulu kapena kwa nduna. Ambiri ankangosayina ndi zilembo zoyamba za mayina awo, kotero muyenera kukhala ndi mndandanda wa ogwira ntchito wa chaka chimenecho kuti mudziwe mwini ndemanga. Ndemanga zimenezi, zomwe zambiri ndi zolemba pamanja ndipo zimatopetsa maso, ndi zimene zimasonyeza kuti ndani anakayikira ndipo ndani anamutseka pakamwa. Musadalire chidule cha wofufuza wina pa gawo ili, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Londolani liwu limodzi kwa zaka zingapo

Mfundo za pulopaganda zimaoneka bwino pa kusintha kwa mawu kusiyana ndi pa zilengezo zikuluzikulu. Mu Ogasiti 1941 Winston Churchill ndi Franklin Roosevelt anatulutsa Atlantic Charter, imene inanena za ufulu wa anthu onse wosankha boma lawo, koma pa 9 Sepitembala chaka chomwecho Churchill anauza Nyumba ya Malamulo kuti mfundoyo inkanena makamaka za mayiko a ku Ulaya amene anali m'manja mwa Germany. Singapore itagwa mu Febuluwale 1942, ndipo anthu a ku America akudzudzula utsamunda poyera, akuluakulu a ku London anaona kuti liwu lakale lakuti trusteeship, lomwe linkaonetsa nzika ngati ana oleredwa, silikugwiranso ntchito. Lord Hailey, mlangizi wa boma la Britain pa nkhani za Africa, ndi anzake anayamba kukweza liwu lakuti partnership, kutanthauza ubwenzi wogwirira ntchito limodzi, ndipo womvera woyamba amene ankamuganizira sanali mlimi wa ku Africa ayi, koma wandale wa ku Washington.

Liwu lomwelo linadzakhala mzati wa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mungathe kulitsata kuchokera pa msonkhano wa akuluakulu a boma ku London mu Malichi 1951, kupita ku Victoria Falls mu Sepitembala 1951, kubwerera ku London mu Epulo 1952 ndi mu Januwale 1953. Pa msonkhano uliwonse funsani ngati panali amene anapempha kuti liwulo limasuliridwe momveka, ndipo muone chimene chinachitikira pempholo, chifukwa liwu losamasuliridwa linkalola Godfrey Huggins, nduna yaikulu ya Southern Rhodesia, kuuza azungu a ku Salisbury (Harare ya lero) chinthu china pamene nduna za ku London zikuuza Nyumba ya Malamulo chinanso. Onaninso malangizo amene ma DC ankalandira. Lipoti la akuluakulu a boma litatuluka mu Juni 1951, James Griffiths ali nduna ya Colonial Office, ma DC anauzidwa kuti alifotokoze kwa anthu popanda kuliyamikira kapena kulitsutsa. Boma litasintha mu Okutobala 1951 ndipo Oliver Lyttelton atalowa m'malo mwake, malangizowo anadzasintha ndipo ma DC anayenera kulankhula mokomera Chitaganya. Kusintha kotere sikunalengezedwe ngati mfundo yatsopano ya pulopaganda, koma ndi chimene kunali.

Ku Malaya zinayenda chimodzimodzi pamene boma linasiya kutchula adani ake kuti zigawenga wamba mu 1952 n'kuyamba kuwatchula kuti zigawenga zachikomyunizimu, kuti nkhondoyo ioneke ngati mbali ya mkangano wa dziko lonse.

Misonkhano ya pakati pa maboma a atsamunda

Nkhondo itatha, chimene chinakokera Britain, France, Belgium ndi Portugal pa tebulo limodzi chinali bungwe la United Nations. Gawo 73 la malamulo a bungweli linkafuna kuti dziko lililonse lolamulira anthu ena lizipereka malipoti a zachuma, za umoyo wa anthu ndi za maphunziro, ndipo mkangano wa chaka ndi chaka unali wakuti kodi nkhani za ndale zikulowamo kapena ayi. Nthumwi za London, Paris ndi Brussels zinkakumana msonkhano waukulu wa ku New York usanayambe kuti zigwirizane momwe ziyankhire India, Egypt ndi Soviet Union. Zokambirana zimenezi muzisake m'mafayilo a Foreign Office, makamaka pa FO 371, poyang'ana miyezi ingapo msonkhano wa ku New York usanatsegulidwe.

Mu 1950 mayiko anayiwa pamodzi ndi South Africa ndi Southern Rhodesia anakhazikitsa bungwe la CCTA, limene poyera linali lothandizana pa za nthaka, matenda a ziweto, ntchito ndi zina zotero. Ntchitozo zinkachitikadi, ndipo si bwino kuzinyoza, koma mukawerenga zokambirana zoyambitsa bungweli funsani kuti linkafuna kuonetsa chiyani kwa United Nations, chifukwa bungwe la atsamunda okhaokha logwira ntchito zachitukuko linali yankho kwa aliyense wonena kuti mabungwe akunja alowerere mu Africa.

Musaganize kuti maboma amenewa ankalankhula chimodzi. Msonkhano wa Afalansa wa ku Brazzaville, umene Charles de Gaulle anatsegula pa 30 Januwale 1944, unalonjeza kusintha zambiri koma unakana ganizo la kudzilamulira, pamene Britain inkalalikira kuti kudzilamulira ndi kumene mayiko ake akulowera, ngakhale kuti sinkatchula tsiku. Portugal inasintha malamulo ake mu 1951 n'kuyamba kutchula Mozambique ndi Angola kuti zigawo za Portugal za kutsidya kwa nyanja, ndipo italowa mu United Nations mu 1955 inayankha kuti ilibe dziko lililonse loti iperekere lipoti. Pachifukwa chimenechi msonkhano umodzi umakhala ndi nkhani ziwiri kapena zitatu, ndipo ngati mungathe kuwerenga Chifalansa kapena Chipwitikizi, zikalata za ku Aix-en-Provence ndi za ku Lisbon zidzakuuzani zimene anzawo ankaganiza za a Britain chitseko chitatsekedwa.

Tsatani ndalama ndi zipangizo

Mfundo imene sinapatsidwe ndalama inathera m'maminitsi. Choncho pa chigwirizano chilichonse funsani kuti ndani analipira ndipo chinagulidwa n'chiyani. Bungwe la Central African Council, limene linayamba kukumana mu 1945, ndi limene linali bwalo logawirana ntchito zofalitsa nkhani pakati pa Nyasaland ndi mayiko awiri a Rhodesia, ndipo pangano lake linali lakuti Lusaka iziulutsa mawu kwa anthu akuda a mayiko onse atatu pamene Salisbury ikuulutsira azungu. Wailesi ya ku Lusaka inkalankhula m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga, m'Chilozi, m'Chishona ndi m'Chindebele, koma inalibe omvera okwanira mpaka mu 1949 pamene Harry Franklin, mkulu wofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, anakopa kampani ya Ever Ready kuti ipange wailesi yotsika mtengo ya mabatire yotchedwa Saucepan Special, imene inkagulitsidwa mapaundi 5. Mu 1948 kunakhazikitsidwanso Central African Film Unit ku Salisbury, yopanga makanema oonetsa m'midzi, potsatira chitsanzo cha Colonial Film Unit ya ku London imene inayamba mu 1939. Ku Nyasaland boma linali ndi nyuzipepala yake ya Msimbi.

Pulopaganda ina inkalowera kumpoto osati kumidzi. Mu 1960 boma la Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya, linalemba ntchito kampani ya ku London ya Voice and Vision, imene inkatenga aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Britain kukawaonetsa Chitaganya. Zambiri za mbali imeneyi zili m'zikalata za Welensky ku Bodleian Library ku Oxford.

Ikani masiku motsatana

Jambulani mzere wa masiku pa pepala lalikulu, zochitika pamwamba, misonkhano pakati, zilengezo pansi. Nkhani ya Nyasaland ya 1959 imasonyeza phindu la ntchito yooneka yachibwanayi. Pa 3 Malichi, tsiku lomwelo la ku Hola, bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, Dr Hastings Kamuzu Banda ndi atsogoleri ena a Nyasaland African Congress anamangidwa, ndipo nduna za ku London zinauza Nyumba ya Malamulo kuti panali chiwembu chofuna kupha azungu. Komiti ya woweruza Patrick Devlin itafufuza sinapeze chiwembu chokonzedwa chotero, ngakhale inavomereza kuti Congress inkalowera ku ziwawa ndipo boma linayenera kuchitapo kanthu, ndipo inanena kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ngakhale kwa kanthawi. Boma linalandira lipotilo lisanasindikizidwe, Armitage anaitanidwa ku Britain, ndipo yankho lotsutsa linalembedwa ndi gulu la nduna ndi akuluakulu ku Chequers, nyumba yopumulirako nduna yaikulu ya Britain, n'kutuluka limodzi ndi lipotilo mu Julayi 1959 ngati kalata ya bwanamkubwa. Wowerenga kalatayo payokha angaganize kuti ndi maganizo a munthu mmodzi wochokera ku Zomba. Mzere wa masiku ndi umene umaonetsa kuti inabadwira pa msonkhano, ndipo tsiku lake lotulukira linasankhidwa kuti nyuzipepala zisakhale ndi lipoti la Devlin lokha.

Lembaninso zimene zikusowa

Mu 1961 nduna Iain Macleod anatumiza malangizo oti zikalata zimene zingachititse manyazi boma la Britain zisasiyidwe m'manja mwa maboma atsopano. Zina zinatenthedwa, zina zinatumizidwa ku Britain mwachinsinsi. Mu 2011, pa mlandu umene okalamba a Mau Mau anasumira boma la Britain, boma linavomera kuti linkasunga mafayilo pafupifupi 8,800 ochokera m'mayiko 37 ku Hanslope Park, ndipo pakati pa 2012 ndi 2013 mafayilowa anapita ku Kew, komwe ali pa FCO 141. Ngati buku limene mukudalira linalembedwa 2012 isanafike, wolemba wake sanawaone. Pamene manambala a zikalata mu fayilo adumpha, kapena pamene pali kapepala konena kuti tsamba lachotsedwa, lembani nambala ndi tsiku, kenako musake kope la chikalata chomwecho m'fayilo ya unduna wina, chifukwa telegalamu yofunika inkatumizidwa ku maofesi angapo ndipo ochotsa zikalata sankafika ponseponse.

Fufuzani zimene omvera anachita nazo

Cholakwa chachikulu pa kafukufuku wa mtundu uwu ndi kuganiza kuti zimene msonkhano unapangana ndi zimene anthu anakhulupirira. Ogwira ntchito zofalitsa nkhani ankalemba malipoti osonyeza chiwerengero cha timapepala togawidwa ndi cha anthu obwera kudzaonera kanema, popeza bajeti yawo inkadalira manambala amenewo, koma khamu lodzaonera kanema waulere silinali khamu lovomereza Chitaganya. Nthumwi za anthu akuda a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia zinakana kulowa mu msonkhano wa mu Epulo 1952, mafumu a ku Nyasaland anapita ku London mu 1953 kukadandaula kwa Mfumukazi koma sanaloledwe kuionana nayo, ndipo ku Northern Rhodesia kunafala mphekesera zoti shuga wathiridwa mankhwala oletsa kubereka, mpaka oulutsa mawu akuda a wailesi ya ku Lusaka anayamba kuganiziridwa kuti ndi anamapopa. Pa chisankho cha mu Ogasiti 1961 chipani cha Malawi Congress Party chinapambana mipando yonse 20 ya kaundula wa ovota wam'munsi, patatha zaka khumi boma likuyesa kukopa anthu.

Kuti mupeze mbali imeneyi, werengani malipoti a mwezi ndi mwezi a ma DC ndi a nthambi ya polisi yaukazitape, maminitsi a makhonsolo a mafumu a m'zigawo, makalata amene omvera ankalembera wailesi, ndi zikalata za mipingo, makamaka za Church of Scotland zimene zili ku National Library of Scotland ku Edinburgh. Malipoti a ma DC muwawerenge mosamala, pokumbukira kuti wolembayo ankadziwa zimene mkulu wake akufuna kumva, ndipo muyerekeze zimene DC analemba kupita kwa mkulu wa chigawo ndi zimene zinatsala lipotilo litafupikitsidwa kawiri panjira yopita ku London. Ngati alipo okalamba amene anamva zilengezozo ndi makutu awo, afunseni kaye zimene akukumbukira musanawaonetse chikalata chilichonse, ndipo mulembe tsiku, malo ndi chilankhulo cha kucheza kwanu monga momwe mwalembera nambala ya fayilo iliyonse.